Zimene ndinaona pokhala mlendo pa fiesta ya m'mudzi wina ku Bohol

Ambiri a ife amene tikugwira ntchito m'zipatala za ku Britain timagwira limodzi ndi anamwino ochokera ku Philippines, ndipo amene wakhala nawo nthawi yaitali akudziwa kuti miyezi ina ikamayandikira, anzathuwa amayamba kulimbirana tchuthi ndi kupempha maola owonjezera a ntchito pofuna kupeza ndalama za chikondwerero cha kwawo chimene amachitcha fiesta. Ine ndinaitanidwa ndi mnzanga wa mu wodi imodzi kuti ndikakhale m'nyumba ya makolo ake pa nthawi ya chikondwererochi, m'mudzi wa alimi a mpunga pa chilumba cha Bohol. Ndalemba izi chifukwa ndikudziwa kuti alipo ena amene aitanidwanso chimodzimodzi, koma akuzengereza posadziwa zimene akukakumana nazo ndiponso zimene eni nyumba akuyembekezera kwa iwo.

Fiesta ndi tsiku lokumbukira woyera amene ndi nkhoswe ya tauni kapena ya mudzi. Mwambowu unakhazikika m'nthawi ya ulamuliro wa Spain, umene unayamba mu 1565 ndi kutha mu 1898, ndipo mpaka lero pafupifupi anthu 8 mwa 10 alionse m'dzikomo ndi Akatolika. Dzikoli linagawidwa m'madera ang'onoang'ono oposa 42,000 otchedwa barangay, lililonse lili ndi mtsogoleri wake wochita kusankhidwa, ndipo ambiri mwa maderawa ali ndi katchalitchi kawo ndi nkhoswe yawo. Mudzi wa mnzangayu nkhoswe yake ndi San Isidro Labrador, mlimi wa ku Madrid amene tsiku lake ndi 15 Meyi, ndipo alimi amamulemekeza pothokoza chifukwa cha zokolola. Ku Bohol mwezi wa Meyi ndi umene uli ndi mafiesta ambiri, kuyambira ndi ya mzinda wa Tagbilaran pa 1 Meyi, moti eni ake amanena moseka kuti munthu akhoza kutha mwezi wonse osasonkha moto kwake, akungodya m'midzi motsatizana.

Tinatera pa bwalo la ndege la Panglao, limene linatsegulidwa mu 2018, ngakhale kuti ena amatera ku Cebu n'kukwera sitima yapamadzi imene imatenga pafupifupi maola awiri kufika ku Tagbilaran. Kuchokera pamenepo tinakwera basi, kenako njinga zamoto za kabaza zimene kumeneko amati habal-habal. Langizo langa ndi loti matikiti agulidwe msanga, chifukwa mu Meyi ana a ku Bohol amene ali ku likulu la dzikolo ku Manila, ku chilumba cha Mindanao ndi kunja kwa dziko amabwerera kwawo onse pa nthawi imodzi. Chofunikanso kwambiri ndi kufika fiesta isanachitike. Kwa masiku 9 tsikulo lisanakwane anthu amachita mapemphero a tsiku ndi tsiku otchedwa novena m'katchalitchi, achinyamata amapikisana pa masewera a basketball, misewu imamangidwa timbendera tamapepala, ndipo m'masiku amenewa ndi mmene eni nyumba ali ndi mpata wocheza nawe ndi kukudziwa. Pa tsiku lenilenilo palibe amene amakhala pansi.

Polowa m'nyumba nsapato zimatsala pakhomo. Mnzanga anandiphunzitsa tili m'njira moni wopereka kwa akuluakulu, woti umatenga dzanja lawo lamanja, kuwerama pang'ono, n'kugunditsa kuseri kwa dzanjalo pa chipumi chako. Ndinachita zimenezi kwa mayi ake, bambo ake ndi agogo ake aakazi, ndipo kuyambira pamenepo ndinkawaitana monga mmene ana awo amawaitanira, mayiwo Nanay, bambowo Tatay, agogowo Lola. Munthu wamkulu pang'ono kuposa iwe amakhala Manang kapena Manong, ndipo ine ana a m'nyumbamo ankanditcha Tita, monga amatchulira azakhali awo. Chinenero cha ku Bohol ndi Chisebuano, osati Chitagalogi cha ku Manila, choncho mawu aulemu a po ndi opo amene ena amaloweza asananyamuke sagwiritsidwa ntchito kwenikweni m'mudzi ngati umenewu. Chingerezi amachimva ambiri, ndipo mawu ochepa monga salamat pothokoza ndi lami poyamikira chakudya amakwanira kusangalatsa wophika.

Wochokera kutali safika chimanjamanja. Mphatso za wapaulendo, zimene amati pasalubong, siziyenera kukhala zodula, koma ziyenera kukhala zogawika, chifukwa achibale amene amafunika kulandirako ndi ambiri kuposa amene munawerengera. Ine ndinatenga chokoleti, tiyi ndi khofi wa kwathu, komanso zitenje ziwiri, chimodzi cha Nanay, china cha Lola. Musadabwe mphatsoyo ikangoikidwa pambali osatsegulidwa pamaso panu, chifukwa ambiri amaona kuti kutsegula pomwepo kumaoneka ngati dyera. Nyama ya nkhumba kapena masoseji musanyamule, popeza kuchokera pamene matenda a chigodola cha nkhumba analowa m'dzikomo mu 2019, maboma a zigawo, kuphatikizapo Bohol, akhala akukhwimitsa malamulo a kalowetsedwe ka nyamayi.

Anandipatsa chipinda chokhala ndi bedi ndi fani, ndipo usiku nditatuluka kukamwa madzi ndinapeza kuti Nanay ndi Tatay agona pa mkeka pabalaza pamodzi ndi adzukulu. Chinali chipinda chawo. M'mawa ndinauza mnzanga kuti zimenezi zinandilemera mumtima, koma iye anandiletsa kukakambirana ndi makolowo, ponena kuti kubweza chipindacho kukanamveka ngati ndachinyoza. Chimene chinatheka n'chakuti achibale ena atayamba kufika, ndinapempha kuti Lola ndi mwana wina wamng'ono azigona nane m'chipindamo, ndipo pempho limenelo linalandiridwa mokondwa chifukwa silinabweze ulemu umene anandipatsa. Kubafa kunali ndowa ndi kapu yotungira, imene imagwiranso ntchito kuchimbudzi, choncho amene sangathe popanda pepala adzitengere. Meyi ndi mwezi wotentha kwambiri, ndipo udzudzu wa kumeneko umafalitsa matenda a dengue ndiponso umaluma masana, motero mafuta othamangitsa udzudzu ndi ofunika ngakhale dzuwa lili pamutu.

Nkhani imene ndikufuna kukhalitsapo ndi ya ndalama, chifukwa ndi imene mlendo saiona ngati sakhala tcheru. Kuseri kwa nyumba kunali nkhumba ziwiri zimene banjalo linagula zili tiana miyezi yambiri m'mbuyomo, n'kumazidyetsa gaga wa mpunga ndi zotsala za kukhitchini pongoyembekezera tsiku limodzi limeneli. Maola owonjezera amene mnzanga ankagwira m'nyengo yozizira ku Britain anali a mpunga, zakumwa, mafuta ophikira, penti wa nyumba ndi chopereka cha ku tchalitchi. Mchimwene wake amene amagwira ntchito pa sitima zapanyanja anatumizanso gawo lake. Afilipino okhala kunja amatumiza kwawo ndalama zoposa madola 30 biliyoni pa chaka, ndipo pa fiesta ndi pamene mudzi umaona ndi maso kuti banja lili ndi mwana kunja. Banja limene lilibe wotumiza limakongola, nthawi zina pa katapila amene amamutcha 5-6, woti ukatenga 5 umabweza 6.

Podziwa zimenezi, mlendo wogona m'nyumba amafuna kuthandizapo, koma njira yake ndi imene ili yofunika. Kupereka ndalama m'manja mwa Nanay kapena Tatay n'kosayenera, chifukwa kumasandutsa ulemu wawo kukhala malonda, ndipo adzakana ndithu, mwinanso mokhumudwa. Ine ndinakambirana ndi mnzanga tisananyamuke, ndipo tinagwirizana kuti tsiku lopita kumsika ndidzalipira makireti a zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi thumba la mpunga ngati kuti ndangoganiza pomwepo. Zinthu zikalowa m'nyumba mwa njira imeneyi zimakhala mphatso ya pa chikondwerero, ndipo palibe amene amachita nazo manyazi. Ku katchalitchi kunalinso mndandanda wa opereka, wokhomedwa poyera, woti aliyense akhoza kulembetsapo kangachepe kake.

Tsiku loti mawa ndi fiesta amalitcha bisperas, ndipo kwa ine limeneli ndi limene linali lokoma kuposa onse. Nkhumba imodzi inaphedwa madzulo, ndipo palibe chiwalo chimene chinatayidwa. Magazi ndi zam'kati zinaphikidwa ndi viniga kukhala ndiwo yakuda imene amati dinuguan, nyama yamafuta inaphikidwa pang'onopang'ono ndi viniga, sosi wa soya ndi shuga kukhala humba, ndipo yotsala inagayidwa n'kukulungidwa m'timitanda topyapyala tokazinga totchedwa lumpia. Amayi oyandikana nawo anabwera ndi mipeni yawo, miphika ikuluikulu inatelekedwa pa mafuwa panja, ndipo ena ankaphika mpunga womata ndi mkaka wa kokonati ndi shuga wofiira. Poyamba ankandichotsa, akuti mlendo sagwira ntchito, ndipo anandikhazika pa mpando wapulasitiki ndi botolo m'manja. Ndinalola kwa kanthawi, kenako ndinangosendera pafupi ndi beseni la adyo n'kuyamba kusenda osapempha chilolezo. Anaseka, wina anandipatsa mpeni, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo. Ndikukhulupirira kuti kumeneku ndi kumene kumasiyanitsa mlendo wogona ndi mlendo wodutsa: wodutsa amabwera kudzadya, ndipo zimenezo n'zololedwa, koma wogona amapeza malo ake kuseri kwa nyumba kumene kuli utsi. Ntchito imene mungasankhe ikhale yosafuna luso, monga kusenda, kuduladula, kukulunga lumpia kapena kutsuka mbale, chifukwa kathiridwe ka mchere ndi viniga kali ndi eni ake, ndipo iwowo saseka pa nkhani imeneyo.

Nkhumba yachiwiri inali ya lechon, mfumu ya tebulo la fiesta. Amuna anadzuka kusanache, anaitumbula, anaika m'mimba mwake udzu wonunkhira ngati mandimu, anyezi, adyo ndi mchere, anaisoka, n'kuitunga pa nsungwi yaitali. Kenako anaizunguliza ndi manja pamwamba pa makala kwa maola angapo, akulandizana, mpaka chikopa chinafiira ndi kuuma bwino. Kugona kunalibe, chifukwa m'bandakucha gulu la oimba malipenga ndi ng'oma linadutsa m'mudzi monse kudzutsa anthu, ndipo makombola anayamba kuphulika. Amene amafuna tulo take tokwanira adziwiretu kuti kwa mausiku awiri satipeza.

Misa inachitika m'mawa, ndipo wansembe anachokera ku parishi ya kutauni. Ine ndine wa CCAP, ndipo ndinawauza zimenezi kuyambira pachiyambi. Palibe amene anavutika nazo. Ndinavala diresi lophimba mapewa ndi maondo, ndinaimirira ndi kukhala pamodzi ndi anthu, koma nthawi yolandira Ukalistia ndinatsala pa mpando, monga mmene mpingo wa Katolika umafunira kwa amene si ake. Misa itatha chifaniziro cha San Isidro chinanyamulidwa pa mdipiti wozungulira mudzi, chitakongoletsedwa ndi ngala za mpunga ndi maluwa, oimba ali pambuyo. Tatay anandiuza kuti denga la katchalitchiko ndi latsopano chifukwa lakale linasasuka ndi mphepo yamkuntho ya Odette mu Disembala 2021, imene inaononga kwambiri Bohol. Chilumba chomwechi chinagwedezekanso ndi chivomezi chachikulu pa 15 Okutobala 2013, chimene chinagwetsa matchalitchi akale a ku Loon, Maribojoc ndi Loboc. Nditamva zimenezi ndinasiya kuona mdipitiwo ngati chionetsero chabe, chifukwa anthu amene ankayenda patsogolo pangawo anali atamanganso nyumba zawo kawiri m'zaka zosakwana khumi.

Kuchokera masana zitseko zonse zinatseguka. Chapafupi chimene ndingafanizire nacho ndi ukwati wa kumudzi, kusiyana kwake n'kwakuti pano nyumba iliyonse ili ndi ukwati wake pa tsiku lomwelo, ndipo palibe kalata yoitanira. Kunabwera achibale, anzake a Tatay, aphunzitsi a ana, anzawo a anzawo, ndiponso anthu ena amene nditafunsa Nanay anandiuza mosabisa kuti sakuwadziwa. Onsewo analandiridwa ndi mawu amodzimodzi oti kaon ta, kutanthauza kuti tiyeni tidye. Alendo amadya m'magulumagulu, gulu likanyamuka mbale zimatsukidwa msanga, tebulo n'kudzazidwanso. Eni nyumba amadya pomalizira, kawirikawiri ataimirira kukhitchini. Chimene banja limaopa si kuchuluka kwa anthu koma kuchepa kwawo, kapena kutha kwa ndiwo alendo akubwerabe.

Apa ndi pamene mlendo wochokera kunja ayenera kuchenjera ndi mimba yake. Mnzanga ananditenga kukandionetsa kwa azakhali ake, kwa mayi amene anamuimira pa ubatizo, kwa mtsogoleri wa mudzi ndi kwa anzake a kusukulu, ndipo kulikonse mbale inkandipeza ndisanakhale pansi. Kukana kotheratu kumapweteka, chifukwa chakudyacho ndi chimene banjalo lavutikira chaka chonse. Njira yake ndi kutenga pang'ono pa nyumba iliyonse, kuyamba ndi chimene mayi wa pakhomopo akukulozerani popeza chimenecho ndi chimene amanyadira, kudya mosafulumira, ndi kuyamikira mokweza. Mbale ikayera msanga amaidzazanso. Mawu oti busog na ko, otanthauza kuti ndakhuta, amamveka bwino ngati wadyako kale, koma samveka konse ngati sunalawe. Amadya ndi supuni ndi foloko, supuni ili kudzanja lamanja, koma kudya ndi manja si chachilendo, ndipo ataona kuti ndimatha kutero anakondwa.

Abale athu achisilamu ndi a Seventh-day Adventist ayenera kudziwa kuti nkhumba ili paliponse pa fiesta, ngakhale m'zakudya zosaoneka ngati za nkhumba, monga pancit, amene ndi tizingwe ta ufa tokazingidwa ndi masamba koma kawirikawiri tothiridwa tizidutswa ta nyamayi kapena mafuta ake. Nkhani imeneyi iyenera kunenedwa kwa mnzanu musananyamuke, kuti banja likonzeretu nkhuku kapena nsomba mu mphika wapadera. Mipingo ndi zipembedzo zimenezi ziliponso ku Philippines, choncho chifukwa cha chipembedzo amachimva ndi kuchilemekeza, pamene kungoti sindikufuna kumasiya mafunso. Ine chimene chinandivuta ndi kinilaw, nsomba yaiwisi yonyikidwa mu viniga ndi jinja ndi tsabola, koma nditalawa ndinapeza kuti ndi yabwino m'nyengo yotentha. Madzi akumwa ndi bwino kufunsa a m'zigubu zogula, amene mabanja ambiri amagwiritsa ntchito kale.

Chakumadzulo amuna anakhala mozungulira pansi pa mtengo akumwa tuba, mowa wochokera ku madzi a mtengo wa kokonati, pamodzi ndi ramu wa m'mabotolo. Kamwedwe kake ndi ka tambula imodzi yoyenda mozungulira, munthu mmodzi akuthirira aliyense motsatana. Amene samwa akhoza kukana mwaulemu, ndipo kwa mayi n'kosavuta, pamene bambo amakakamizidwa kangapo, motero ndi bwino kunena kuyambira pa tambula yoyamba osati kusiya pakati. Chimene sichikanika ndi maikolofoni. Pafupifupi nyumba iliyonse inabwereka makina oimbira otchedwa videoke, ndipo nyimbo za nyumba zosiyanasiyana zinkawombana mumsewu. Palibe amene amasamala ngati mawu ako ndi oipa, chimene amafuna n'chakuti uyese. Konzekeranitu nyimbo imodzi yachingerezi yodziwika. Ine nditamaliza yangayo anandipempha ya kwathu, ndipo ndinawaimbira nyimbo ya kutchalitchi popanda makina, Lola akuwomba m'manja. Kunja kwa mudzi kunalinso kumenyanitsa atambala, kumene lamulo la mu 1974 limalola pa masiku a fiesta. Ndi juga ya amuna imene ndalama zambiri zimatayikirako, ndipo ine sindinapiteko. Usiku bwalo la basketball linasanduka malo ovinira mpaka tambala woyamba.

Pali chinthu chimodzi chimene Mwafirika ayenera kuchiyembekezera. M'mudzi ngati umenewu ambiri sanaonepo munthu wakuda maso ndi maso, choncho anthu amakuyang'anitsitsa, ana amakutsatira, ena amafuna kugwira tsitsi, ndipo opempha kujambulitsa nawe ndi ambiri. Amafunsanso mosapita m'mbali za zaka zako, ngati uli pabanja, chifukwa chake ulibe ana ambiri, ngakhale za kunenepa kwako. Ena ankaganiza kuti Malawi ndi Marawi, mzinda wa ku Mindanao, ndipo ndinkachita kuwaonetsa mapu pa foni. Zambiri mwa izi zinali chidwi chabe, koma sindinganame kuti sizitopetsa, ndiponso mawu ena onena za khungu amene ananenedwa moseka sanandikomere, makamaka m'dziko limene sopo ndi mafuta oyeretsa khungu amatsatsidwa ponseponse. Chimene chinandithandiza ndi kugwirizana ndi mnzanga kuti ndikamuyang'ana mwa njira ina azindichotsapo ponena kuti Nanay akundifuna. Kukalipa pagulu sikuthandiza, chifukwa manyazi ake amagwera banja limene lakusunga.

Ndinafunsa mnzanga ngati n'kwanzeru kuti mabanja azilowa m'ngongole chifukwa cha tsiku limodzi, ndipo anandiyankha kuti Afilipino eni ake akhala akukangana za funso limeneli kwa zaka zambiri. Iyenso amadandaula akaona ndalama zimene wazivutikira usiku zikutha m'maola ochepa. Maganizo anga ndi oti katapila wa fiesta ndi woipa ndithu, ndipo banja lopanda wothandiza limavulala nawo. Koma ndinaonanso kuti kupatsa n'kuika: amene anadya kwa Nanay tsiku limenelo ndi omwewo amene adzamudyetse pa fiesta za m'midzi yawo, amene anabwera ndi mipeni yawo usiku, ndiponso amene anathandiza Tatay kukhoma malata mphepo ya Odette itadutsa. Komabe zimenezi si za mlendo kuweruza ali pa tebulo, ndipo kufunsa mtengo wa nkhumba pamaso pa eni nyumba n'kusowa ulemu.

Alendo pochoka ankapatsidwa zakudya zokulunga m'mapepala apulasitiki kuti akadye ndi otsala kunyumba, ndipo nanunso mukapatsidwa m'nyumba zimene mwachezako, landirani. Tsiku lotsatira linali la kutsuka miphika, kubweza mipando ndi matebulo obwereka, ndi kusesa pabwalo, ndipo pa ntchito imeneyi palibe amene anandiletsanso. Zotsala za lechon zinaphikidwanso ndi viniga ndi adyo kukhala paksiw, amene tinadya mpaka tsiku lonyamuka. Musakonze ulendo wokaona timapiri totchuka ta Chocolate Hills kapena magombe a Panglao pa tsiku limeneli, ngakhale mutakhala ndi nthawi yochepa, chifukwa ndi pamene banja limafuna manja ambiri ndipo alendo odutsa onse apita. Malo amenewo mukhoza kuwaona pambuyo pake, ndipo mukatenga Nanay, Tatay ndi ana pa ulendowo n'kulipira inuyo galimoto ndi chakudya chamasana, kumeneko ndi kuthokoza kumene iwo angakulandire popanda kukana.